Makoko a Chinangwa ndi Khadi Langa la Mgonero

Yisiti ndakhala naye m'manja zaka zambiri, koma zoti ndi wamoyo ndinadziwa nditayamba kale imvi. Ndimaphika mabanzi kuseri kwa nyumba yanga, pamtunda poyang'anana ndi doko, ndipo tsiku limene sitima ya Ilala yakocheza ndimatsika ndi mabeseni awiri kukagulitsa kwa apaulendo. Chimene ndinkadziwa n'choti ukathira kasupuni ka yisiti m'madzi ofunda ndi shuga pang'ono, pamwamba pamachita thovu, ndipo ufa umafufuma. Ndikavundukula nsalu n'kupeza mtanda wakwera mpaka kukamwa kwa beseni, ndinkakumbukira mayi wa m'fanizo la Ambuye amene anabisa chotupitsa mu ufa wambiri. Ndinkati chamumtima, Ufumu umabwera chonchi ndithu, mwakachetechete, nsalu ili chivundikire.

Amene ananditsegula maso ndi mwana wanga wamkazi, woyamba kubadwa, amene anapitiriza maphunziro a sayansi ku yunivesite mpaka ife tinaleka kufunsa kuti amaliza liti. Chaka chimenecho anabwera nthawi ya dzuwa, anthu akukumba chinangwa. Anatsika minibasi ya ku Mzuzu atakumbatira bokosi ngati wanyamula khanda, ndipo asanakhale n'komwe pansi anandifunsa kuti:

"Ama, makoko a chinangwa mukutaya kuti masiku ano?"

"Iwe, za bondo langa sunafunse, wayamba za makoko?"

"Bondo lili bwanji, Ama?"

"Likupweteka. Makoko ali kudzala, kumene akhala ali chibadwire iwe."

Kwathu kuno chinangwa timachisenda, kuchiviika m'madzi masiku angapo kuti kuwawa kuchoke, kenako kusinja ndi kuyanika kuti tipeze ufa wa kondowole. Makoko ndiye sitiwawerengera. Amaunjikana kuseri kwa nyumba iliyonse, amawola, nkhuku n'kumapalasa. Mwana wanga anakaima pa mulu wanga atagwira m'chiuno, nkhope ikuwala ngati ya munthu amene wapeza chuma chobisika m'munda.

"Ama, apatu pali moto wophikira. Pali mafuta oyendetsera galimoto."

Ndinamuyang'ana kumaso kuti ndione ngati maphunziro sanamupweteke mutu. Iye anangondikhazika pampando, n'kutulutsa m'bokosi muja chipangizo choonera tinthu ting'onoting'ono, chimene amati maikulosikopu. Anatapa kadontho ka thovu la yisiti wanga wa mabanzi, n'kukaika pa kagalasi, n'kundiuza kuti nditsinzine diso limodzi.

Chiuta wangu! Ndinaona timibulu tambirimbiri, tothithikana ngati usipa mu ukonde. Tina tinali ndi kamphukira pambali, ngati mayi wobereka mwana m'chiuno.

"Akuberekana, Ama. Kameneko n'kamwana, kachoka posachedwa."

"Ndiye zaka zonsezi ndakhala ndikuwotcha zamoyo mu uvuni?"

Anaseka mpaka kutsokomola. Ine sindinaseke. Ndinayang'ananso, n'kuyang'ananso, mpaka diso linatuluka misozi. Ndinadziwa kale kuti Mlengi amawerenga tsitsi la m'mutu mwathu, koma sindinkadziwa kuti anaika khamu lotere m'kasupuni kamodzi, lililonse ndi ntchito yake.

Kenako anandifotokozera pang'onopang'ono, monga ine ndinkamuphunzitsira kusenda chinangwa ali wamng'ono. Yisiti amadya shuga. Akadya amatulutsa mpweya, umene umatupitsa mabanzi, komanso timadzi totchedwa etanolo, timene timayaka bwino kopanda utsi. Vuto n'loti yisiti amasankha zakudya. Shuga wa nzimbe amadya mokondwa, koma ulusi wolimba wa m'makoko, m'mapesi kapena mu utuchi sautha, ngakhale kuti mkati mwake muli shuga womangika. Koma bowa womera pa zipika zowola amautha. Ndiye ku labu kwawo amatenga kachidutswa ka malangizo olembedwa mkati mwa bowayo n'kukaika mwa yisiti, kuti naye aphunzire kudya zimene anthu amataya. Zikatheka, mafuta sangachokerenso ku chakudya cha anthu, ndipo mitengo ya m'mapiri mwathu ingapumeko kwa owotcha makala.

Apa ndinamudula mawu.

"Iwe, zimene Mulungu analemba, inu mukufufuta?"

"Sitikufufuta, Ama. Mango anu a kuseriwa munawatani?"

Mango amenewo ndinawakwatitsa ndekha, nthambi ya mtengo wina pa tsinde la mtengo wina, ndipo amabereka okoma kuposa onse a m'dera lathu. Ndinakumbukiranso kuti ife eni ake timatchedwa nthambi zakuthengo zomezanitsidwa pa tsinde labwino. Sindinganene kuti funso langa linatheratu, pakuti mpaka lero ndimapempherera anthu a ntchito imeneyi kuti manja awo akhale ndi mantha oyenera. Koma ndinamuuza kuti apitirize.

Yisiti wosinthidwayo, anati, satuluka mu labu, lamulo sililola. Chimene anabwerera kwathu ndi kudzasaka yisiti wakuthengo wolimba, wopirira kutentha kwa kunyanja kuno ndi ululu wa chinangwa chowawa, woti akamuphunzitse kumeneko. Ndipo yisiti wotero amakhala m'madzi oviikamo chinangwa, madzi onunkha aja amene timakhuthula titatseka mphuno.

Masiku atatu otsatira ndinaiwala bondo. Tinayenda khomo ndi khomo ndi timabotolo tating'ono, kupempha madzi a m'migolo ya anthu. Amayi ankaseka mpaka kukhala pansi. Wina anati, "Mwana wanu anapita kukaphunzira kuti adzatape madzi owola? Akanangokhala konkuno, tikanamuphunzitsa ulere!" Tinabwera ndi mabotolo asanu ndi limodzi. Botolo lachisanu ndi chiwiri mwana wanga anakatenga yekha kwa azakhali ake, amene iye amawatchula kuti Ankhazi.

Amenewa ndi alamu anga, mlongo wa malemu mwamuna wanga, ndipo amakhala cha ku Mwaya. Amatcheza kachasu. Anadulidwa mu mpingo kalekale, ndipo mwamuna wanga, amene mowa unamufupikitsira masiku, botolo lake ankalipeza kumeneko. Chiikire maliro ake ine ndinali ndisanapondeko pakhomo pawo. Tikakumana pamsika tinkapatsana moni wapakamwa, aliyense n'kuyang'ana tomato.

Tinasinja makoko, kuwaphika, kuthiramo chimera kuti chimasule shuga, n'kugawa m'ndowa zisanu ndi ziwiri zotseka bwino. Ndowa iliyonse inalandira madzi a khomo limodzi. Pa chivundikiro panatuluka kapaipi kofewa kolowa m'botolo la madzi, kuti mpweya uzituluka koma wakunja usalowe. Tsiku loyamba kunali zii. Tsiku lachiwiri m'mawa, ndikusesa, ndinamva kuti bwi. Kenako bwi, bwi. Ndinataya tsache.

"Iwe! Adzuka! Bwera udzaone, adzuka!"

Kuyambira pamenepo ntchito yowerenga thovu inali yanga. Ndinkakhala pa kampando ndi wotchi ya mwana wanga, kuwerenga kuti ndowa iliyonse yapuma kangati pa mphindi. Ndinafika pozidziwa ngati ana a Sande sukulu: iyi ndi yaulesi, iyi imayamba ndi mphamvu n'kutopa msanga. Koma ndowa yachisanu ndi chiwiri inkapuma ngati munthu wokwera phiri atasenza katundu, osaleka ngakhale dzuwa la masana litaiwomba. Zinandiwawa pang'ono kuti inali ya alamu.

Tsopano panafunika kutcheza, kuti tione ndowa imene yatulutsa etanolo wochuluka. Mwana wanga anatsegula pansi pa bokosi lake n'kupeza kuti chipangizo chake chagalasi chinasweka pa makhota a msewu wotsika kuchokera ku Mzuzu. Anakhala pansi atagwira mutu. Patapita nthawi anati:

"Ama, m'tauni muno muli munthu mmodzi amene ali ndi paipi yabwino."

"Usanditchulire."

"Ndawapempha kale. Akuti paipi yawo sabwereketsa kwa ana. Akuti amayi ako abwere okha."

Ndinapemphera za nkhaniyi, ndipo yankho limene ndinalimva mumtima silinali limene ndinkafuna. M'mawa mwake ndinapita.

Ndinawapeza alamu akutsuka migolo. Atandiona anaimirira bwinobwino, n'kupukuta manja pa chitenje.

"Ee! Lero oyera mtima asochera. Odini, alamu. Mpando ndiupukute kangati kuti mukhalepo?"

"Kamodzi n'kokwana, alamu. Mwe uli?" ndinawalonjera mwachikwathu.

"Nde umampha, ndili bwino. Ndamva kuti yisiti wanga wawagonjetsa onse a m'kwaya."

"Akupuma bwino, zoona."

"Nanga akanalephera bwanji? Kuno sitisunga zaulesi."

Anatulutsa paipi yachitsulo, yaitali ngati nkhafi ziwiri, yakuda ndi mwaye. Anati adzabwera okha kudzaimanga, chifukwa ophunzira kwambiri amawotcha zinthu. Anandilangizanso kuti ndidzere njira yam'munsi, yodutsa m'minda, kuti anthu asandione. Ine ndinakana. Ndinati wochita zoipa ndiye amadana ndi kuwala, ine ndidzera pamsewu. Koma poona mwaye uja ndinamasula chitenje cha pamwamba n'kukulunga paipiyo pakati kuti isandidetse bulauzi. Sindinaganize n'komwe kuti chitenjecho chinali cha chikondwerero cha mpingo wathu, chokhala ndi chithunzi cha tchalitchi ndi mtanda waukulu.

Tsiku limenelo linali la sitima. Msika unali wodzaza, onyamula katundu akukuwa kuti tiwapatse njira, ogulitsa nsomba ali m'mizere. Ndipo pakati pawo panadutsa ine, mayi wa gulu la amayi a mpingo, nditasenza paipi ya kachasu yovekedwa tchalitchi, nsonga zake ziwiri zikusuzumira uku ndi uku, fungo likunditsogolera. Paipi imeneyo tauni yonse imaidziwa ngati nkhope ya munthu.

"Ama, mwayamba bizinezi yatsopano?" anakuwa woyendetsa minibasi wina.

"Mutu mutisungireko!" anatero mnzake. Mutu ndi kachasu woyamba kudontha, waukali kwambiri.

Ndinawayankha mokondwa kuti ndi za sayansi, n'kupitirira. Ndinali wosangalala kwambiri moti sindinaone kuti amayi awiri a gulu lathu, ogulitsa kaunjika, sanaseke nawo.

Alamu anabwera Lachitatu m'mawa. Anaika mgolo pa mafuwa, kumata paipi ndi dothi, kuidutsitsa m'chikho cha madzi ozizira, zonse mofulumira ngati munthu womanga mpango kumutu. Mwana wanga ankalemba, iwo ankalamula. "Chepetsa moto, dokotala! Ukufuna utuluke madzi okhaokha?" Dontho loyamba litagwera m'botolo ndinawomba m'manja ngati mwana. Makoko a kudzala, otayidwa, osawerengedwa, atulutsa madzi oyera ngati misozi!

Nthawi yomweyo ndinamva odi kumaso kwa nyumba.

Mpingo wathu uli ndi mwambo wake. Sabata ya Mgonero wa Ambuye, mkulu wa mpingo wa dera lililonse amayenda nyumba ndi nyumba. Amapemphera nanu, amafunsa ngati pali chokutsekerezani, kenako amakupatsani khadi lokhala ndi dzina lanu. Lamlungu khadilo mumapereka pakhomo musanakhale pa mabenchi a odya Mgonero. Wopanda khadi amakhala kumbuyo. Chilowere m'Chikhristu ndili mtsikana, ine ndinali ndisanakhalepo kumbuyo, ngakhale chaka cha maliro. Ndipo m'chisangalalo cha ndowa zanga ndinaiwaliratu kuti Lachitatu limeneli ndi la makhadi.

Mkulu wa dera lathu ndi bambo wachikulire amene anali mphunzitsi, wofatsa, woyenda ndi jekete ngakhale kutenthe bwanji. Sanafunike kufunsa. Fungo linamutengera lokha kuseri. Anaima n'kuyang'ana mgolo, paipi, botolo, alamu, kenako ine.

"Ama, anthu anandiuza, ine ndinawatsutsa."

"Ada, si mowa. Ndi mafuta. Mwana wanga afotokoze."

Mwana wanga anafotokoza bwino ndithu, za yisiti, za bowa, za mitengo ya m'mapiri. Mkuluyo anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anatulutsa makhadi m'thumba la jekete, anapatula limodzi, naliika m'thumba lina.

"Ine ndamva, mwana wanga. Koma mphuno yanga yamvanso zake. Ama, khadi lanu ndalisunga kaye. Seshoni ya akulu a mpingo ikumana Loweruka m'mawa."

Sindinganame, zinandilasa mtima. Bambo ameneyu si wankhanza. Anaika m'manda mwana wake wamwamuna chifukwa cha botolo lomweli, ndipo pa maliro a mwamuna wanga ndiye anagwira mwambo. Ndinamupempha chinthu chimodzi chokha, kuti abwerenso Lachisanu masana adzaone ndi maso ake asanakalankhule ku seshoni. Anavomera, anapemphera mwachidule, n'kupita.

Alamu anafuna kuyamba zonyoza, koma ataona nkhope yanga anangosonkhezera moto. Ine ndinakhala pa kampando kanga kowerengera thovu. Ndinakumbukira kuti chotupitsa chomwecho chimene chikufanizira Ufumu, pena chimatchulidwa ngati chinthu choti tichenjere nacho. Ndinaitana mwana wanga.

"Undiuze zoona. Zili m'botolozo munthu angamwe?"

"Angamwe, Ama."

"N'kuledzera?"

"N'kuledzera. Etanolo ndi yemweyo. Kusiyana kwake n'koti kumafakitale amamuwononga dala, amathiramo petulo kapena mankhwala owawa kuti asamweke."

"Nanga bwanji sunandiuze?"

"Ndimayesa mukudziwa, Ama. Paipi munakaitenga nokha."

Zoona, ndinkadziwa. Ndinangosankha kuyang'ana mbali yowala yokha. Mwana wanga anati ngati ndikufuna, akhuthula zonse lero lomwe, akayambirenso kwina. Ndinayang'ana ndowa yachisanu ndi chiwiri ija, yodikira nthawi yake. Ndinati ayi, timalize, koma Lachisanu tisabise kanthu.

Lachinayi tinatcheza ndowa zonse zotsala, iliyonse payokha, mwana wanga akuyeza ndi kagalasi koyandama. Ya alamu inaposa zonse, ndipo iwo anavina pang'ono pafupi ndi mafuwa. Kenako anaphatikiza mitu yonse n'kuitchezanso kachiwiri kuti madzi achepe. Mwana wanga anatenga zitini ziwiri za mkaka, anazidula, kuzilowetsana, n'kuboola timabowo kuzungulira m'mphepete. Imeneyo ndiyo inali mbaula yake. Ngakhale mtima unali pa khadi, ndinapezeka ndikuimba pogwira ntchito. Sindikanatha kudziletsa.

Lachisanu dzuwa lili pamutu mkuluyo anafika. Aneba angapo anali atatsamira kale pa mpanda. Tinaika kambaula kaja pa njerwa pakati pa bwalo, mwana wanga anathiramo etanolo, ine ndinatereka ketulo ya madzi pa mafuwa ang'onoang'ono pamwamba pake. Anakhwatcha machesi n'kuyandikiza. Panamveka kaphokoso kakang'ono, ngati munthu wauzira fumbi.

Kenako palibe. Panalibe lawi, panalibe utsi. Chitini chinangokhala chitini.

Mkuluyo anadikira mwaulemu. Wina pa mpanda anaseka. Ndinati mumtima, Ambuye, mwanditengera pano kuti mundichititse manyazi pamaso pa anthu?

"Sizinayake," anatero mkuluyo mofatsa. "Musadandaule, mwana wanga, zimachitika."

"Zayaka, Ada," anatero mwana wanga.

"Ine maso anga akadali bwino."

"Ikanipo dzanja, Ada, muone ngati maso anu akadali bwino," anatero alamu.

Ndipo bambo uja anawerama n'kutambasuladi dzanja! Mwana wanga anamugwira mkono msanga. "Ayi, Ada, mupsa! Moto umenewu masana suoneka." Mkuluyo anabweza dzanja n'kuliyang'ana modabwa, pakuti kutentha anali atakumva kale pa zala.

Kenako ketulo inayamba kulira, poyamba motsitsa, kenako mokweza, chivundikiro n'kuyamba kugwedezeka. Madzi akuwira pamwamba pa chitini chopanda moto wooneka! Zaka zonse ndakhala ndikuphunzitsa amayi kuti chikhulupiriro chimagwira zinthu zosaoneka, koma sindinayembekezere kudzaziona pabwalo panga, pa chitini cha mkaka.

"Ama, mchere," anatero mwana wanga.

Ndinathamanga, bondo n'kuliiwala. Anachotsa ketulo, anatapa mchere ndi zala n'kuwaza pamwamba pa chitini. Nthawi yomweyo malawi achikasu anaonekera, kuzungulira timabowo tonse ngati duwa. Pa mpanda panamveka mfuu. Mkuluyo anaseka, kuseka kwenikweni kwa mphunzitsi amene waona chinthu chatsopano.

"Bwerezani!"

Mwana wanga anawazanso. Mkuluyo anapempha mchere n'kuwaza yekha, kawiri. Anayang'ana pansi pa ketulo n'kupeza poyera, popanda mwaye. Anafunsa kuti makoko a dengu limodzi angawiritse maketulo angati, ndipo mwana wanga anayankha moona kuti pakali pano ndi ochepa kwambiri, n'chifukwa chake akufuna yisiti wodziwa kudya ulusi. Ndinayamba kupuma bwino. Koma kenako bambo uja anawongola jekete, nkhope n'kubwerera mwakale. Analoza mabotolo atatu amene anali pamthunzi.

"Funso langa ndi limodzi. Zimenezi munthu angamwe?"

Mwana wanga anandiyang'ana. Pabwalo panali anthu, khadi linali m'thumba la jekete, ndipo mawu oti ayi anali pafupi kwambiri ndi lilime langa.

"Angamwe, Ada," ndinatero. "Ndipo angaledzere."

"Ndalawa ine," anawonjezera alamu monyadira. "Chiyambire ntchito yanga sindinatchezepo mutu wotere."

"Alamu, mukundithandiza kapena mukundikwirira?"

"Nanga si mwati lero n'zoona zokhazokha?"

Mkuluyo sanaseke. Anati, "Ndiye ndikanene chiyani ku seshoni, Ama? Kuti pakhomo pa mayi wa mpingo pali mabotolo atatu a chinthu chimene chinatenga mwana wanga ndi mwamuna wanu, koma poti chimawiritsanso tiyi tisadandaule?"

Ndinalowa m'nyumba n'kutenga botolo la palafini wa nyale imene timayatsa magetsi akazima. Ndinafunsa mwana wanga ngati palafini angachite ntchito ya petulo ija. Anati angachite, ndipo zoyeza zake anali atamaliza kale, kungoti ketulo izida pang'ono. Ndinatsegula botolo loyamba n'kuthiramo. Alamu anakuwa ngati ndawaponda chala.

"Mayo ine! Alamu, mwapenga? Masiku awiri a ntchito yanga!"

Ndinathira lachiwiri, ndi lachitatu, n'kuwakhutchumula onse. Ndinapereka limodzi kwa alamu.

"Lawaninso."

Ananunkhiza, anakwinya nkhope, n'kulavula pambali. "Izi ngakhale makasitomala anga a Lolemba m'mawa sangamwe."

Mkuluyo naye ananunkhiza. Anathira pang'ono m'kambaula kaja katazizira, anayatsa yekha, ndipo kanayaka, tsopano ndi kalawi kooneka pang'ono. Tinamwa tiyi wa madzi oyamba aja ndi mabanzi anga. Polandira kapu anatembenukira kwa alamu nati, "Yewo, Ama. Dzanja lanu ndi laluso. Ndikanakonda likanamatcheza za mbaula zokhazokha." Alamu anaweramira m'kapu yawo n'kumwa tiyi.

Khadi mkuluyo sanandipatse. Ponyamuka anangoti, "Ndikanena zimene ndaona, ndi zimene sindinazione koma zinandiwotcha."

Loweruka m'mawa ndinaphika mabanzi amene sindinkawafuna, kungoti manja apeze chochita. Mwana wanga ankalongedza timabotolo take, kachisanu ndi chiwiri atakakulunga ndi thonje. Dzuwa litapendeka pang'ono ndinaona jekete ya mkulu uja ikukwera mtunda. Ndinamulandira ndi ufa m'manja.

Anati nkhani inatenga nthawi, ndipo ena sanakhutire. Chimene anagwirizana n'chakuti ndowa zopuma zija ndingasunge monga ndifunira, koma kutcheza pakhomo panga kuthe, chifukwa si aliyense wodutsa pamsewu amene angadziwe za palafini, ndipo ofooka angapunthwe chifukwa cha ine. Zinandiwawa, pakuti dontho loyamba lija ndinalikonda. Koma ndinadziwa kuti akunena zoona, ndipo ndinavomera.

"China," anatero akupisa m'thumba. "Paipi ibwerere kwa eni ake lero. Ndipo Ama, chonde, ipite yosavala."

Anandipatsa khadi langa. Linali litapindika pakona chifukwa chokhalitsa m'thumba. Ndinalilandira ndi manja awiri, ufa n'kudetsa dzina langa.

Paipi ndinaibweza ndekha madzulo asanafike, kudzera pamsika pomwe paja, yopanda chitenje. Alamu anandipatsa mpando osaupukuta, ndipo ndinakhala. Anandiuza kuti ndimuuze dokotala awapangire kambaula kawo, komanso kuti yisiti wawo akakaphunzira ku yunivesite asakaiwale kwawo. Patapita miyezi mwana wanga anaimba foni kuti yisiti uja wayamba kudya ulusi, pang'ono chabe, koma wayamba. Ndinapita ku Mwaya tsiku lomwelo kukawauza, ndipo makoko tsopano tonse awiri timayanika n'kusunga m'matumba.

Koma za Lamlungu lija ndizo ndimazikumbukira kwambiri. Ndinapereka khadi pakhomo, n'kukhala pa benchi yanga. Mbale itafika ndinatenga kachidutswa ka buledi, ndipo pokakweza kukamwa ndinamva kuti zala zanga zikununkhabe palafini, ngakhale ndinazisamba katatu. Ndinayang'ana kabuledi kaja, timabowo take tonse timene tamoyo tosaoneka tinasiya popuma, ndipo ndinadya ndi chimwemwe chachikulu.